Scratch: Kakhasu ka Mwana pa Kompyuta

Makolo anzanga, ana athu amene ali kwa abale ku Chunga, Matero ndi George akabwera pa cuti amachula dzina lacilendo lakuti Scratch. Musanagulitse mbuzi kuti mulipire maphunziro ake, tiyeni tione cimene ciri m'dzinali.

Kompyuta siimva Cinyanja kapena Cingelezi. Imalamulidwa ndi zinenero zakezake, ndipo Scratch ndi cimodzi mwa izo. Cinaturutsidwa mu 2007 pa sukulu ya MIT ku America, ndipo anacikonzera ana a zaka 8 kufikira 16. Mwana salemba malamulo ndi manja ai. Amalumikiza tizidutswa ta mitundumitundu ngati njerwa, ndipo kamphaka kamene kali pa galasi kamayenda, kudumpha kapena kuwerenga manambala monga momwe wakalamulira.

Ubwino wake ngwoonekeratu. Ncaulere, ndipo mukaciika m'kompyuta cimagwira nchito popanda intaneti. Tizidutswa tosagwirizana timakana kulumikizana, motero mwana sataya mtima cifukwa ca cilembo cimodzi colakwika. Amaphunzira kugawa nchito yaikuru m'magawo ang'onoang'ono, nzeru yomweyo imene mai amatsata pophika thobwa.

Koma kufooka kuliponso. Mabanki, zipatala ndi maofesi samanga nchito zao pa Scratch. Amafuna odziwa zinenero zolemba monga Python ndi Java. Pulogiramu ikakula, tizidutswa tija timapiringizana ngati maungu m'dimba. Ngakhale cinamasuliridwa m'Ciswahili ndi m'Cizulu, mwana wa ku Chunga amakumana naco m'Cingelezi. Komanso cimafuna makina ndi magetsi. Boma linaika phunziro la makompyuta m'Giredi 8 mu 2014, koma masukulu ambiri a kumidzi analibe zonse ziwirizi, ndipo cirala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, ndi m'tauni momwe magetsi ankazima nthawi yaitali.

Tsono tinene kuti ciani? Scratch ndi kakhasu kamene timasulira mwana: kamaphunzitsa dzanja kugwira mpini, koma sikangalime munda wa cimanga. Akuru anati m'mera mpoyamba, cotero mlekeni mwana ayambire pamenepo. Koma wina akakuuzani kuti setifiketi ya Scratch idzampezetsa nchito, gwirani cikwama canu. Pitani kwa aphunzitsi mukawafunse mwaulemu kuti, "Kodi mwanayu adzayamba liti kulemba yekha malamulo a kompyuta?" Yankho lao lidzakuuzani ngati ndarama zanu zikupita pabwino.