Tsamba Lolemera Limadya Malasha ndi Makasitomala

Magetsi akazima madzulo kuno ku Morningside, mumzinda wa Mutare, majenereta amayamba kulira. Ena mwa iwo amakhala akuyendetsa kompyuta imodzi yokha, ya wogulitsa mbewu amene akuwerengera malonda a tsikulo. Mafuta amene akupsawo adutsa mumpope wochokera ku Beira kudzafika ku Feruka, pafupi pomwepa. Ife ogulitsa zipangizo zaulimi ndi alimi ochulukitsa mbewu tiyenera kuvomereza kuti makompyuta athu ndi masamba athu a pa intaneti amatentha mafuta ndi malasha, ndipo kuchepetsa zimenezi kuli m'manja mwathu.

Magetsi a dziko la Zimbabwe amachokera makamaka ku damu la Kariba ndi ku malasha a ku Hwange. Mu Novembala 2022, bungwe la Zambezi River Authority linauza siteshoni ya Kariba South kuti iyimitse kupanga magetsi chifukwa madzi anali atatsika kwambiri. Mu 2023, ku Hwange kunatsegulidwa makina awiri atsopano a mamegawati 600 onse pamodzi. Mu Epulo 2024, Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza kuti chilala chafika pokhala ngozi ya dziko lonse. Mvula ikachepa, dziko limatsamira pa malasha ndi dizilo, ndipo utsi wake umawonjezera kutentha kumene kukusokoneza mvulayo. Ife amene timauza mlimi kuti agule mbewu yopirira chilala sitingakhale ngati alendo pa nkhaniyi.

Tsamba la pa intaneti limasungidwa m'makompyuta akuluakulu amene sazima usana ndi usiku. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2024 nyumba zosungira makompyuta oterewa zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi onse a dziko lapansi. Mlimi akatsegula tsamba lathu, chithunzi chilichonse chimayenda kuchokera kumeneko, kudutsa pa nsanja za mafoni zimene zambiri zimadalira dizilo magetsi akazima, mpaka kufika m'foni yake. Chithunzi chikalemera, ulendowo umadya mphamvu yochuluka.

Ena anena kuti gawo lathu ndi laling'ono poyerekeza ndi mafakitale ndi magalimoto. Akunena zoona. Koma tsamba lolemera limatipweteka ife eni mtambo usanasinthe n'komwe. Taganizirani mlimi wa ku Chimanimani kapena ku Nyanga, amene ali ndi netiweki yofooka, data yochepa ndi batire yotsala pang'ono kutha. Akufuna kudziwa mtengo wa chimanga chocha msanga ndi sitolo yovomerezeka imene ili pafupi. Tsamba likakana kutseguka chifukwa cha kanema woyamba kusewera yekha, iye amatseka foni n'kupita kwa wogulitsa wa m'mbali mwa msewu, amene mwina akugulitsa chimanga chakudya chopaka utoto. Mlimiyo wataya chaka chathunthu, ifenso tataya kasitomala ndi mbiri ya mbewu yabwino.

Zoyenera kuchita n'zosavuta. Chithunzi chojambulidwa pa foni chimalemera mamegabayiti 3 kapena 4, koma chingathe kuchepetsedwa kakhumi thumba la mbewu n'kumaonekabe bwino. Mitengo, masiku okhwimira ndi madera oyenera mbewu iliyonse tizilemba m'mawu wamba, osati kujambula chikalata. Makanema aziseweredwa ndi amene wafuna yekha. Pa magulu a WhatsApp, titumize mndandanda umodzi wopepuka m'malo mwa zithunzi makumi awiri. M'sitolo, laputopu imadya magetsi ochepa kwambiri kuposa kompyuta ya pa desiki, ndipo sola imodzi ndi batire zingathe kuiyendetsa pamodzi ndi makina olipirira, jenereta ili chete. Tisafulumirenso kutaya chipangizo chimene chingakonzedwe, pakuti utsi wochuluka wa laputopu umatuluka pa nthawi imene ikupangidwa ku fakitale. Amene amatisungira masamba tiwafunse kumene magetsi awo amachokera, ndipo yankho lawo lilowe m'chiganizo chathu posankha.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndikupempha bungwe lathu kuti lilembe malangizo achidule a tsamba lopepuka ndi kuwagawira mamembala onse mvula yodzalira isanagwe mu Novembala. Pakadali pano, aliyense wa ife atenge foni yotchipa, apite kumene netiweki imavuta, ayese kutsegula tsamba lake. Likakana, ayambire pamenepo.