Za Maso a Anyamata Owocherera Zitsulo

Inu abale a kumudzi, cimanga cikalowa m'nkhokwe anyamata ambiri apita ku Lilongwe kukaphunzira nchito ya kuwocherera zitsulo. Nchitoyo nja bwino, pakuti ngolo zathu ndi makasu a ng'ombe zikathyoka zicira m'manja mwa amisiri amenewa. Koma kayendeni ku Old Town, pa mseu wa Malangalanga, mukaone umo aigwirira. Mmisiri abisa nkhope yace kuseri kwa cishango ca galasi lakuda, pamene mnyamata womgwirira citsulo angotsinzina, kapena abvala magalasi a dzuwa ogula pamsika. Ogula zitseko za mipanda ya ku Area 10 ndi Area 43, ndi zitsulo za m'mazenera a ku City Centre, afunsa za mtengo wokha; za maso a mwana wanu safunsa.

M'moto woyera uja muli kuwala kwina kosaoneka, kumene ophunzira akucha ultraviolet. Kupezeka m'dzuwanso, koma apa kuli pafupi ndi nkhope, ndipo kupsereza diso monga dzuwa la Okutobala lipsereza mbande za fodya zosaphimbidwa. Cinyengo cace ndi ici, kuti masana mnyamata samva kanthu. Pakapita maora 6 kufikira 12 adzidzimuka usiku, maso ali psuu, misozi iri kungotsika, monga wina wamthira mcenga. Ululuwo utha pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo cifukwa cace anthu aupeputsa, nati ndiko kukhwima kwa mmisiri. Ife tikana. Diso silizolowera moto, ndipo kupsa kobwerezabwereza kufulumiza ng'ala ndi kuononga khungu la nkhope.

Wopsa maso asawatikite. Musamdonthezere mkaka wa m'mawere kapena madzi a zitsamba, pakuti diso lopsa liri ndi bala, ndipo zotere zilowetsamo matenda. Agone m'nyumba ya mdima, ataika nsaru yoyera yonyowa pa zikope. Ngati pa tsiku laciwiri sanapeze bwino, kapena ngati kacitsulo kalowamo, apite msanga ku cipatala ca maso ca ku Kamuzu Central kapena ku Nkhoma.

Lamulo la Boma la caka ca 1997 liti wolemba nchito apatse anchito ace zobvala zowachinjiriza. Koma oyang'anira lamulolo sangaime pa khumbi liri lonse la amisiri, motero mlanduwu ubwerera kwa inu makolo. Musanampereke mwana, funsani mmisiriyo kuti zishango ali nazo zingati. Akati cimodzi, gulani caciwiri ndinu. Mtengo wace sufika pa mbuzi imodzi. Mumpatsenso malaya a manja atali omanga mpaka pakhosi.

Ndipo inu nomwe, mukatengera ngolo kwa wowocherera, fulatirani moto ukayaka, nimuingitse ana oimirira kuonerera, pakuti kuwalako kupsereza ndi woima pambali yemwe.