ZA M'NYUMBA MWATHU: Musanapake Penti Watsopano

Manacesi a kuno ku Mwanza agulidwa tsopano, ndipo mabanja ambiri ali ndi kandalama kokonzera nyumba mbvula isanagwe. Ena adzagula penti wa mafuta, wonyezimira uja, kuti apake zitseko, mazenera ndi m'munsi mwa zipupa. Koma dziwani kuti penti watsopano sagwira pa wakale wosalala: ikapita miyezi yowerengeka ayamba kukanganuka, ndalama zanu nizipita pacabe.

Poyamba tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo, pakuti utsi wa nyali, mafuta a m'manja ndi pfumbi la magalimoto opita ku Zobue ndi ku Tete zimamatirira pa citseko ngakhale maso saziona. Tsukuluzani ndi madzi oyera, nimuleke ciume.

Kaciwiri kwecani ndi sandipepa. Simuyenera kucotsa penti yense ai. Iphani kunyezimira kokha, kuti watsopano apeze pogwira. Pamene wakale anatupa, palani ndi mpeni.

Apa mbvetsani bwino, inu atate ndi amai. Pamene anayesa mapenti a mafuta ogulitsidwa m'Malawi zaka zapitazo, anapeza mtobvu wambiri mwa ena. Ndipo ucuruka makamaka mu acikasu ndi ofiira. Mtobvu ukalowa m'thupi mwa mwana uononga nzeru zace, zosabwereranso. Ndipo bungwe la za umoyo la WHO linena kuti ngakhale wocepa ndithu uli woopsya. Cifukwa cace gulani sandipepa wosaopa madzi, nimukwece ponyowa, kuti pfumbi lisauluke. Musaoce penti wakale ndi moto. Ana ndi amai apakati akhale kunja. Zinyenyeswa muziwole ndi nsaru yonyowa, osasesa ai. Sambani m'manja musanagwire nsima, ndipo zobvala za nchitoyo zicapidwe pazokha.

Kacitatu, pakauma, pakani penti wa pansi amene a m'sitoro amacha andakoti. Tsegulani mazenera, nimulinde tsiku lathunthu. Pamenepo pakani wonyezimira mopyapyala kawiri, kulinda tsiku lina pakati pace.

Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Masiku anai a nchito yofatsa adzasunga citseko canu zaka zambiri, ndipo ana anu adzakula ndi nzeru zao zonse.

Tsalani ndi mtendere, kufikira mwezi wa mawa.