Baji ya mwana asaine ndani?

Mukamadutsa pa Kanjedza Loweruka m'mawa, kapena ku Zingwangwa, Ndirande ndi Chilomoni uko, mwina munaonapo ana ovala masikafu m'khosi atandanda pabwalo la sukulu, akupereka sawatcha ndi zala zitatu. Ambirife timangoti "awo ndi masikauti" n'kupitirira. Omwe sitiwaona ndi akuluakulu anayi kapena asanu okhala pa benchi chapatali, ali ndi kope lachikuto cholimba, akukangana motsitsa mawu. Amenewo ndi a komiti. Ine ndine mlembi wa komiti ya gulu lina la masikauti kuno ku Kanjedza, ndipo nkhani imene ndaona ikudanitsa anthu kwambiri pa benchi imeneyi, kuposa ngakhale ya ndalama, ndi iyi: ndani ali ndi mphamvu yonena kuti mwana wakwera sitepe ndipo avale baji?

Kuti mumvetse chifukwa chake funsoli limavuta kwathu kuno, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Usikauti unayamba mu 1907 pamene Robert Baden-Powell anatenga anyamata pafupifupi 20 kukagona msasa pa chilumba cha Brownsea ku England. Kuno unafika nthawi ya atsamunda, dziko likadali Nyasaland. Koma mu ulamuliro wa chipani chimodzi nkhani za achinyamata zinali m'manja mwa Malawi Young Pioneers, yomwe inakhazikitsidwa mu 1963, ndi Youth League, ndipo usikauti unazilala. Unadzatsitsimuka m'zaka za m'ma 1990 matipate atabwera, ndipo mu 2005 ndi pamene bungwe la masikauti la Malawi linalandiridwa m'bungwe la masikauti la dziko lonse, WOSM.

Zotsatira zake n'zakuti makolo ndi agogo ambiri amene amasankhidwa mu komiti lero sanavalepo sikafu ali ana. Kuguba amakudziwa, anaguba pa Youth Week. Yunifomu amaidziwa. Koma baji m'maganizo mwawo ili ngati nyota za wapolisi wa pa Police Training School apa: bwana akakuona kuti wakhalitsa ndipo ndiwe waulemu, amakuveka. Ena amaiona ngati mphatso ya pa tsiku lotsekera sukulu. Si anthu oipa ayi. Palibe anawafotokozerapo.

Chonsecho ndondomeko yake ndi yosavuta. Mwana amaphunzira, kenaka amayesedwa, akuluakulu amaunika ngati zonse zayenda bwino, ndiye amavekedwa baji anzake akuona. Kuphunzirako kumachitika kwambiri m'timagulu ta ana 6 mpaka 8 totchedwa patrol, totsogoleredwa ndi mwana mnzawo. Amaphunzira lonjezo ndi malamulo a sikauti, kumanga mfundo za chingwe monga reef knot yomangira bandeji, kusonkha moto, kuphika pamsasa, kuwerenga mapu ndi kampasi, thandizo loyamba kwa wovulala, ndi kugwira ntchito yothandiza anthu m'dera. Chilichonse akachita pamaso pa mtsogoleri wa gulu, mtsogoleriyo amasaina. Komiti siphunzitsa, ndipo siyesa mwana. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti chomwe chasainidwacho ndi choona, kuti chalembedwa penapake posatayika, komanso kuti palibe mwana amene watsala chifukwa cha umphawi kapena amene wadumpha mzere chifukwa cha dzina la bambo ake.

Pakamwa n'zophweka. Chaka china tikukonzekera mwambo woveka mabaji, tinapezeka ndi milandu iwiri pa msonkhano umodzi.

Woyamba unali wa bambo wina wa mu komiti momwemo, munthu wamtima wopatsa amene amayendetsa bizinesi yake ku Limbe. Atamva mayina akuwerengedwa, la mwana wawo mulibe, anandiyang'ana.

"Alembi, mwana wangatu watha zaka ziwiri m'gulu muno. Nanga minibasi ya ku msasa ija analipira ndani?"

"Munalipira ndinu bambo, ndipo tinathokoza pamaso pa makolo onse. Koma pa thandizo loyamba sanayesedwe. Tsiku loyesa lija anali ku mpira."

"Ndiye simungangosaina? Kumanga bandeji ndi nkhaninso?"

Mlandu wachiwiri unalibe wouyankhulira. Unali wa mtsikana wina wochokera cha ku Chiwembe, amene mayi ake amagulitsa mandasi. Ameneyu aliyense ankadziwa kuti anamaliza zonse, ndipo ana a mu patrol yake ambiri anaphunzira mfundo za chingwe kwa iye. Koma umboni panalibe. Mtsogoleri amene anamuyesa anali atapita ku Joni kukasaka maganyu, ndipo kope lomwe ankasainamo linapita naye m'chikwama. Kuwonjezera apo, mtsikanayo analibe malaya a yunifomu, ndiye ena ankati ngakhale apatsidwe bajiyo, aisokera pati?

Taonani mmene zimakhalira. Wina alibe luso koma ali ndi womuyankhulira. Wina luso ali nalo koma alibe pepala, alibe malaya, alibe munthu pa benchi. Komiti ikangofuna mtendere, njira yachidule ndi kusainira woyambayo n'kuuza wachiwiriyo kuti adikire chaka chamawa. Ndipo palibe amene angadandaule mokweza. Mtsikanayo amangosiya kubwera, basi, ife n'kumati ana a masiku ano ndi osapirira.

Tinakhala mpaka dzuwa kupendeka. Chomwe chinatithandiza ndi lamulo lomwe mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito, anatiuza kuti amatsata masikauti a ku America. Kumeneko mwana asanakwere sitepe amakaonekera pamaso pa akuluakulu atatu kapena kuposerapo, koma kholo kapena wachibale wa mwanayo saloledwa kukhala nawo pa gulu lounikalo, ngakhalenso mtsogoleri wa gulu amene anamuphunzitsa. Ndipo saloledwa kumuyesanso mayeso. Amangocheza naye kuti amve zomwe waphunzira ndi mmene gulu likumusamalira. Sitepe yawo yapamwamba, Eagle Scout, imafuna mabaji a luso 21, onse asanakwanitse zaka 18. Ku South Africa yapamwamba imatchedwa Springbok. Ife sitinatengere zonsezo, poti mabuku ndi masitepe a gulu lililonse amachokera ku bungwe la dziko lake. Tinangobwereka mfundo imodzi: nkhani ikakhala ya mwana wako, tuluka kaye, ukamwe madzi.

Bambo aja anatuluka, nkhope ili gwa. Otsalafe tinagwirizana kuti mwana wawo apatsidwe masabata awiri okonzekera, ndipo ayesedwe ndi mtsogoleri wa gulu lina amene sadziwa za minibasi. Za mtsikana uja, mnyamata wina wa mu komiti, wamng'ono pa tonse, anasaka nambala ya mtsogoleri wa ku Joni uja, n'kumupempha pa WhatsApp kuti ajambule masamba a kope lija. Zithunzi zinafika usiku womwewo, masiginecha onse ali mbee. Malaya tinakagula pa kaunjika ku Limbe, telala n'kuwachepetsa. Onse awiri anavala baji tsiku limodzi, ndipo amene anaphunzitsa mnyamatayo kumanga bandeji m'masabata awiri aja ndi mtsikana yemweyo. Bambo aja mpaka lero moni wawo kwa ine ndi wachidule, koma pa msonkhano sajomba.

Mwina mukuti, zonsezi chifukwa cha kansalu kochepa ngati chitsekerero cha botolo? Kumbukirani March 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, phiri lomwe timaliona tili pakhomo kuno. Pa nthawi ngati imeneyo ambulansi siifika msanga, ndipo anthu amayang'ana aliyense amene akuoneka kuti akudziwapo kanthu. Baji ya thandizo loyamba imauza anthu kuti mwana uyu mukhoza kumupatsa munthu amene akutaya magazi. Ngati inasainidwa pofuna kusangalatsa bambo ake, wonamizidwa si komiti ayi, ndi wovulalayo. Mawu amene masikauti amayendera ndi akuti akhale okonzeka. Kukonzeka kosainirana pa benchi kumaonekera poyera tsiku la tsoka.

Kuchokera pa nkhani ija tinasintha zingapo. Tsamba lililonse likasainidwa limajambulidwa tsiku lomwelo n'kuponyedwa pa gulu la WhatsApp la komiti, kuti kope likanyowa kapena likakwera basi ya ku Joni, umboni utsale. Tikujambula masamba, osati nkhope za ana. Zithunzi za ana siziikidwa pa Facebook popanda chilolezo cha makolo, ngakhale zitakongola bwanji.

Za ndalama ndingodutsamo mwachangu, poti mavuto ake ndi omwe aja mumawadziwa ku banki m'khonde ndi ku komiti ya maliro. Zopereka za makolo zikamalowa pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi, tsiku lina zimasakanikirana ndi za ndiwo, osati chifukwa cha kuba, koma chifukwa foni ndi imodzi. Ife tinati uthenga uliwonse wa ndalama yolowa uzionetsedwa kwa anthu awiri, ndipo yotuluka izivomerezedwa ndi awiri. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bajeti yathu ya msasa inasanduka nthabwala m'sabata imodzi. Tinasiya za ulendo wautali n'kusankha kukayenda ku Michiru, kuseri kwa Chilomoni, komwe minibasi imodzi ndi miyendo zimakufikitsa. Ana sanadandaule. Odandaula anali akuluakulu amene ankafuna kukaona nyanja.

Apa ndinenepo kanthu kena, ngakhale ena sakondwa. Tazolowera kuti msonkhano uliwonse umatha ndi kusaina alawansi. Kangapo konse munthu wabwera kudzalowa komiti, wafunsa mwaulemu kuti "nanga ya thiransipoti imakhalapo?", ndipo atamva kuti ngakhale Fanta timagula tokha, Loweruka lotsatira foni yake siipezeka. Sindiwaweruza, zinthu zavuta m'tauni muno. Koma ndi bwino kunena poyera pa tsiku loyamba kuti muno mulibe envulopu, kusiyana ndi kusunga munthu amene akudikira pulojekiti yomwe siidzabwera.

Ntchito ina ya komiti imene sitiyenera kuchita nayo manyazi ndi kuteteza ana kwa akuluakulu omwe. Malamulo a dziko lino, kuyambira pomwe anasinthidwa mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo WOSM ili ndi ndondomeko yake yotchedwa Safe from Harm. Kwa ife zikutanthauza zinthu zogwirika. Wamkulu sayesa mwana ali awiriwiri m'kalasi lotseka. Payenera kukhala wamkulu wina kapena ana ena. Mtsogoleri salembera mwana uthenga payekha usiku, amadzera kwa kholo kapena pa gulu. Ku msasa komwe kuli atsikana kumapitanso mtsogoleri wamkazi, apo ayi ulendo kulibe. Nambala yaulere ya 116 yothandiza ana timaiphunzitsa pamodzi ndi mfundo za chingwe. Ndipo apa mpamene nkhani ya baji imakumana ndi ya chitetezo: munthu mmodzi akakhala ndi mphamvu zonse zonena kuti mwana uyu akwera, uyu sakwera, popanda womuunika, mwana amaopa kumukana chilichonse. Siginecha yachiwiri ija imatchinga zambiri kuposa kukondera.

Atsogoleri nawonso ali ndi makwerero awo. Maphunziro awo akuluakulu amatchedwa Wood Badge, ndipo anayamba mu 1919 ku Gilwell Park ku England. Womaliza amavala timikanda tamtengo pa chingwe chachikopa, ndipo mbiri yake imati timikanda toyambirira Baden-Powell anatichotsa pa mkanda wa Dinuzulu, mfumu ya Azulu. Baden-Powell anamwalira mu 1941 ndipo manda ake ali ku Nyeri ku Kenya, kotero usikauti si wachilendo kwenikweni ku Africa kuno. Komiti yanzeru imasunga kandalama kotumizira mtsogoleri wake ku maphunziro, chifukwa mtsogoleri wosaphunzitsidwa amangogubitsa ana pa dzuwa mpaka atatopa nazo.

Tsono inu amene mukuwerenga izi pa foni, a zaka za m'ma 20 ndi 30, benchi ija ikukusowani. Simukuyenera kukhala kuti munali sikauti, kapena kuti muli ndi mwana m'gulumo. Kunena zoona, kusakhala ndi mwana m'gulumo ndiye mwayi wake, chifukwa palibe tsiku lomwe mudzapemphedwe kutuluka kukamwa madzi. Ngati mumatha kulemba mayina mu Excel, kusunga malisiti, kapena munaphunzira unamwino, ukalipentala, zamagetsi, mukhoza kukhala woyesa baji ya luso lanulo. Funsani ku sukulu kapena ku tchalitchi kapena ku mzikiti kwanuko ngati kuli gulu, ndipo muonetsetse kuti ndi lolembetsedwa ku bungwe la masikauti la Malawi, poti sikafu aliyense akhoza kusoketsa. Mukafika musadabwe akakupatsani moni ndi dzanja lamanzere, ndi mwambo wawo, si mwano.

Kwathu kuno mpando wa msungichuma uli pululu kuyambira pomwe mayi amene analipo anasamutsidwira ku Lilongwe. Kope la ndalama likusungidwa ndi ine, zomwe zikuphwanya lamulo lathu lomwe lija la anthu awiri, ndipo wapampando wanena kale kuti msasa wa tchuthi chikubwerachi sukambidwa mpaka munthu atapezeka. Ana 9 akudikira ulendo umenewo kuti akayesedwe kuphika ndi kugona kunja.