Kakyuleta yojambula ma graph: tiisirire kapena ayi?

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa masamu, yemwe pano ali ku Johannesburg, ananditumizira uthenga. Akuti waona kakyuleta yatsopano ya Casio yojambula ma graph, fx-CG100, ndipo akufuna kundigulira imodzi yoti ndiziphunzitsira ku Fomu 4. Ndathokoza kwambiri, mwana wanga, koma yankho ndaliika pano kuti anzanga nawonso aponyepo mlomo.

Makinawa ndi okongola, tisanamizane. Alowa m'malo mwa fx-CG50 ya 2017. Sikirini yake ndi ya mitundu, moti mizere iwiri ikadutsana umaona bwinobwino kuti uwu ndi uti. Mabatani aja a F1 mpaka F6 awachotsa, ndipo kasankhidwe ka zinthu kakufanana ndi ka ma ClassWiz. Muli Python yolembera timapulogalamu, komanso exam mode yomwe imatseka zimene mwana anasungamo akamalowa m'mayeso. Tikayerekeza ndi fx-7000G ya 1985, kakyuleta yoyamba kujambula graph, ulendo wayendedwa ndithu. Ife amene tinakulira pa buku la ma log table tingachite kugwira pakamwa.

Koma funso langa ndi lakuti: makina amodziwo asintha chiyani m'kalasi mwanga muno ku Benga? Sikirini yake ndi yaing'ono kuposa chikhatho. Ana akaunjikana kuti aone, oona ndi atatu akutsogolo, ena onse akungomva kuti "eee!" osadziwa chomwe chachitika. Imafuna mabatire anayi a AAA. Ikagwa pansi kapena kulowa madzi, wokonza kuno palibe. Ndipo makina a mtundu umenewu mtengo wake ndi wokwera. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imeneyo si yoseweretsa.

Chachikulu n'chakuti pa mayeso a MSCE mwana amakhala yekha ndi pensulo, rula ndi graph paper. Ayenera kudzaza tebulo la x ndi y, kusankha scale, kuika madontho ndi kuwalumikiza ndi mzere wosalala. Ndikamachonga ntchito ya ana anga, malikisi ambiri amathera pa scale yolakwika, pa chizindikiro cha minus choiwalika, ndi pa parabola yosongoka pansi ngati mutu wa bwato. Matenda amenewa mankhwala ake ndi dzanja kuzolowera basi. Ndiye lizolowera bwanji pamene ana ena amagwira graph paper kawiri kokha pa teremu, masiku ena onse akujambula m'kope la mizere wamba?

Komatu musandimve molakwa, aphunzitsi anzanga. Amene amati makina amapha ubongo sindigwirizana nawo. Pali chinthu chimodzi chimene makina amatiposa ife a choko. Kuti ndionetse pa bolodi mmene y = ax² + bx + c imasinthira a akachoka pa 1 kufika pa 3, kenaka pa -2, piriyodi yonse yatha, malaya ayera ndi fumbi. Makina amachita zimenezi m'kuphethira kwa diso, ndipo mwana amaona yekha mbale ija ikupanikizika kenaka n'kuvundikirika. Akaona kamodzi saiwala.

Koma ntchito imeneyo GeoGebra imaigwira kwaulere. Pulogalamuyi anaiyambitsa Markus Hohenwarter ku Salzburg m'dziko la Austria, ndipo ukaiika pa foni imagwira ntchito popanda intaneti. Foni ambiri a ife tili nayo kale m'thumba, timaitchaja pa sola. Ine ndimagawa ana m'magulu. Gulu lililonse limayamba lajambula pamanja, likamaliza ndi pomwe limabwera kudzayerekeza ndi ya pa foni. Tsiku lina pa linear programming tinatenga chitsanzo cha mayi wa geni amene ali ndi ndalama zochepa ndi malo ochepa pa lole, ndipo ayenera kusankha matumba angati a usipa ndi angati a mpunga opita nawo ku Lilongwe. Mtsikana wina atapeza kuti chigawo chomwe anadetsa ndi pensulo chafanana ndi cha pa foni, anakuwa ngati wagoletsa chigoli.

Choncho mwana wanga wa ku Joni, pempho langa ndi ili. Ndalama ya makina amodziwo ugule mabuku a graph paper, marula, ndi makakyuleta a sayansi wamba monga fx-82MS angapo, oti ana azibwerekana m'kalasi. Pali ana amene amakagwira kakyuleta koyamba sabata ya mayeso, yobwereka kwa mnansi, osadziwa ngakhale pamene pali batani la sin. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amenewa ndiwo ndimagona ndikuwaganizira.

Nanga inu anzanga a ku Salima, Dwangwa ndi kwina konse, ma graph mukuphunzitsa bwanji? Tigawaneni nzeru.