Digiri ya zaumoyo izifika pamjigo

Chaka ndi chaka achinyamata athu amalimbirana mwayi wa Chevening ndi Commonwealth kuti akachite digiri yachiwiri ya zaumoyo wa m'madera ndi chitukuko ku London kapena ku Liverpool. Ena amalowera ku Kuhes, sukulu yaukachenjede yomwe idayamba mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Nzabwino ndithu. Maphunzirowa amanola munthu kulondoloza gwero la mliri, kuwerengetsera ndalama za chithandizo komanso kuyeza ngati pulojekiti yaphuladi kanthu. Funso langa sabata ino nlakuti: akamaliza, nzeruzo zimakathera kuti?

Kolera yemwe adabuka mu Malichi 2022 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chomugonjetsera si chachinsinsi: madzi aukhondo, chimbudzi, klorini ndi kuthamangira kuchipatala. Omwe adayenda khomo ndi khomo ndi alangizi a zaumoyo, ma HSA. Ndondomeko ya boma ya 2017 imafuna mlangizi mmodzi pa anthu 1,000 alionse, koma m'madera ambiri mlangizi amasenza mtolo woposa apo. Pomwe iye akupalasa njinga, mnzake wa digiri ziwiri ali m'ofesi ya bungwe ku Lilongwe, kulemba malipoti okondweretsa mwini ndalama.

Vuto lotsamira ndalama za eni tidaliona mu Januwale 2025 pomwe dziko la America lidaimitsa thandizo lodzera ku USAID. Mapulojekiti adaima, ntchito zidatha, koma malungo sadapite kutchuthi.

Nzeru zozikika pa mavuto a kwathu zimapita patali. Mu 2011 akatswiri athu adaona kuti makina oyezera CD4 ngosowa m'zipatala zakumidzi. Adaganiza zoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi HIV ayambe ma ARV pompo, kwa moyo wake wonse. Njirayi, ya Option B+, bungwe la WHO lidaivomereza ndipo maiko ena adatengera. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma wodziwa pometa ndi mwini mutu.

Tsono pempho langa lili patatu. Choyamba, mutu wa kafukufuku uzichokera kwa ogwira ntchito m'maboma, monga ku Nsanje kapena ku Chitipa, osangoti kwa wopereka ndalama. Chachiwiri, wophunzira akamaliza azibwerera kumudzi komwe adafunsa mafunso, akafotokozere mfumu ndi komiti ya zaumoyo zomwe adapeza, m'chinenero chawo. Chachitatu, unduna wa zaumoyo ndi sukulu zaukachenjede zilambule njira yoti HSA wakhama akwere kuchoka pa satifiketi, dipuloma, mpaka digiri yachiwiri, ndipo malo ena a maphunziro aulere azisungidwira anthu otere.

Inu amene mukulemba makalata ofunsira malo, pitirizani, musagwe mphwayi. Koma musanatumize, kachezeni tsiku limodzi ndi mlangizi wa kwanu pasikelo ya ana. Mutu wa kafukufuku wanu mukaupeza pomwepo.

Tionane sabata yamawa.