CHAULERE NACHO CHILI NDI MWINI WAKE

Pa 24 March, 2021, amisiri olemba mapulogalamu a kompyuta m'maiko ambiri anadzidzimuka poona kuti nchito yao yaima. Makina sanaonongeke ai, ndipo panalibe mbala imene inathyola pena pali ponse. Chimene chinachitika ndi ichi: kachigawo kena kakang'ono kotchedwa mimemagic, kamene ambiri a iwo anali asanamvepo ndi dzina lomwe, kanachotsedwa ndi wokasunga pa malo pamene onse amakatenga pa intaneti. Gwero la zonsezi linali mau a chilolezo, chimene tichitcha layisensi.

Awerengi athu ayenera kudziwa poyamba kuti masiku ano palibe mmisiri alemba pulogalamu yonse ndi manja ake. Iye atenga zigawo zimene anzake analemba kale nazipereka kwaulere, nazilumikiza, naonjezapo zake. Koma chigawo chimene iye watenga nachonso chatsamira pa zigawo zina, ndipo izo zatsamira pa zinzake, kotero kuti munthu amene asankha zigawo khumi akhoza kupezeka atasenza mazana. Momwemo zinakhalira ndi Ruby on Rails, maziko omangirapo mapulogalamu amene David Heinemeier Hansson anatulutsa m'chaka cha 2004, amenenso makampani akulu monga GitHub ndi Shopify anamangirapo nchito zao. Mbali ya Rails yosunga mafayilo inadalira chigawo chotchedwa Marcel. Marcel inadalira mimemagic. Ndipo mimemagic, imene nchito yake ndi kuzindikira ngati fayilo ili chithunzi kapena kalata kapena nyimbo, inali ndi mndandanda wa mitundu ya mafayilo umene unatengedwa kwa anthu ena, a shared-mime-info.

Bvuto linagona pa mndandanda umenewu. Rails, Marcel ndi mimemagic zonse zinaperekedwa ndi layisensi yotchedwa MIT, imene mau ake ndi ochepa: tengani, sinthani, gulitsani ngati mufuna, koma musafafanize dzina la wolemba ndi mau a chilolezocho. Mndandanda uja unali pansi pa layisensi ina, GPL, imene Richard Stallman anatulutsa m'chaka cha 1989 naikonzanso mu 1991. GPL nayo ilola munthu kutenga ndi kusintha, koma iika lamulo lakuti ali yense wogawira ena chinthu chomangidwa ndi zimenezo achigawe pansi pa GPL yomweyo, ndipo aonetse zolemba zenizeni za pulogalamuyo, zimene amisiri azitcha source code. Tsono munthu sangatenge cha GPL ndi kuchipereka kwa ena ponena kuti ndi cha MIT, pakuti potero walonjeza anthu ufulu umene iye mwini sanapatsidwe. Izi ndizo zinachitika kwa zaka zambiri popanda wozindikira, kufikira wosunga shared-mime-info anaona nauza wosunga mimemagic.

Wosunga mimemagic anabvomera kulakwa msanga, nachotsa mimemagic zonse zakale, natulutsa zatsopano pansi pa GPL. Mapulogalamu amene anali kuyenda kale anapitirira kuyenda, koma ali yense wofuna kumanga pulogalamu yake mwatsopano kapena kuiika pa makina ena anapeza kuti chimene afuna kulibe. Nkhokwe za mapulogalamu zimene zinadalira kachigawo aka zinapitirira theka la miliyoni. Pa 26 March a Rails anatulutsa Rails yokonzedwa, m'mene Marcel inatenga mndandanda wake kwa Apache Tika, imene layisensi yake siumiriza monga GPL. Nchito inayambanso patapita masiku awiri.

M'masiku amenewo ambiri anakwiyira munthu amene anaulula cholakwacho, monga ngati iye ndiye anaononga. Ife tiganiza kuti mkwiyowo unasokera. Anthu amene analemba mndandanda uja anasankha GPL mwadala, pofuna kuti thukuta lao lisatsekeredwe m'katundu wa kampani ina iri yonse. Ndipo akulu anati ukakwatira kwa mphenzi usaope kung'anima. Wosafuna malamulo a GPL ali ndi ufulu wosatenga. Kumene kulibe ndi ufulu wotenga chinthu ndi kutaya mau amene chinabwera nao. Tibvomereza kuti wosunga mimemagic anafulumira pochotsa zonse tsiku limodzi osachenjeza anthu, ndipo kukadakhala bwino akadayamba wakambirana ndi a Rails. Koma tisaiwale kuti zigawo zotere kawirikawiri zisungidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri pa nthawi yao yopuma, popanda malipiro ndi popanda loya wowalangiza. Chodabwitsa kwa ife ndi makampani olemera, okhala ndi maloya ambiri, amene anatsamira pa kachigawo aka zaka zonsezo osatsegula n'komwe kuona chimene chinali m'kati.

Ena adzati iyi ndi mikangano ya amisiri okha-okha, yosafika ku bwalo la milandu. Aone za ku France. M'chaka cha 2005 kampani yaikulu ya lamya yotchedwa Orange inapikisana ndi ena pa nchito ya Boma la dzikolo yomanga malo a pa intaneti otchedwa Mon Service Public, ndipo m'nchitoyo inagwiritsa chigawo chotchedwa Lasso, cha kampani yaing'ono ya Entr'ouvert, chimene chinali pansi pa GPL. Entr'ouvert inasuma mu 2011. Mlanduwo unayenda m'mabwalo zaka 13, kufikira mu February 2024 pamene bwalo la apilo la ku Paris linagamula kuti Orange inaswa mau a layisensi, nililamula kuti ilipire ndalama zopitirira mayuro theka la miliyoni. Onani kuti nchito imene inabala mlanduwu inali ya Boma, yolipiridwa ndi msonkho wa anthu.

Pamenepa ndipo nkhaniyi ikhudza inu a m'maofesi ndi a m'masukulu. Mapulogalamu otere ali pakati pathu kale. Unduna wa za Umoyo usonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala ndi DHIS2, yochokera ku University of Oslo, ndipo a Baobab Health Trust anamanga mapulogalamu olembera odwala pa Rails yomwe tanenayi. Lamulo lathu la Copyright Act la 2016 liteteza mapulogalamu a kompyuta monga litetezera mabuku. Ichi sichiyenera kuopsa munthu, pakuti ofesi imene ingogwiritsa pulogalamu ya GPL m'kati mwake, osaigawira ena, ilibe mangawa. Mangawa ayamba pamene pulogalamuyo ichoka m'manja ena kupita m'manja ena, monga pamene kontrakitala aipereka kwa Unduna. Ngati kontrakitalayo alemba m'pangano kuti zonse ndi zake ndipo source code ndi chinsinsi chake, koma pansi pake pali chigawo cha GPL chimene analumikiza, ndiye kuti wagulitsa Boma chinthu chimene analibe mphamvu yochigulitsa motero. Ndiponso wabisa zolemba zimene Boma linayenera kulandira, zimene zikadalola mmisiri wina kudzakonza pulogalamuyo iye atachoka.

Mankhwala ake si okwera mtengo. Ofesala wogula katundu salandira galimoto popanda mapepala ake, ndipo sitiona chifukwa cholandirira pulogalamu popanda mndandanda wa zigawo zake zonse, chiri chonse ndi layisensi yake pambali. Kalembedwe ka mndandanda wotere kalipo kale, kotchedwa SPDX, kamene a Linux Foundation anakonza ndipo bungwe la ISO linakabvomereza m'chaka cha 2021. Zida zoutulutsa pa makina zipezeka kwaulere. Mndandandawo ufike pansi peni-peni, osalekera pa zigawo zapamwamba zokha, pakuti Rails inalembedwa MIT, Marcel inalembedwa MIT, mimemagic inalembedwa MIT, ndipo cholakwa chinabisala pa khwerero lachinai, m'fayilo imodzi yotengedwa kwina. Chifukwa chake pangano linenenso kuti chigawo chikadzapezeka ndi layisensi yolakwika, kontrakitala ndiye adzachisintha ndi ndalama zake, ndipo litchule masiku amene adzatsirize kutero.